Maluwa a ukwati ku Salima: kukonza bajeti ndi kugwirizana ndi katswiri wa maluwa

Maluwa ambiri amene timawaona pa maukwati a ku Salima salimidwa kuno. Marozi, ma carnation ndi ma lily amachokera ku Lilongwe, ndipo ena amakhala atabwera pa ndege kuchokera ku Kenya kapena ku South Africa. Akatsika zitunda za msewu wa M14, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, amalowa m'dera limene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 30 dzuwa lisanafike paliwombo. N'chifukwa chake bajeti ya maluwa kuno imakhala ndi mbali ziwiri, ndalama zogulira maluwawo ndi ndalama zowasunga kuti asafote mpaka wojambula atamaliza ntchito yake. Makomiti ambiri amawerengera mbali yoyamba yokha, ndipo zotsatira zake zimaoneka pa zithunzi za madzulo.

1. Komiti itchule ndalama musanayambe kusirira zithunzi

Pa msonkhano woyamba kapena wachiwiri wa komiti, msungichuma anene poyera ndalama zimene zapatulidwira maluwa. Tikulangiza kuti zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a bajeti yonse ya ukwati, ndipo zikhale mzere wakewake, wosiyana ndi nsalu, mipando, matenti ndi magetsi okongoletsera. Zikaphatikizidwa zonse pansi pa mawu amodzi akuti "deko", simudzadziwa kuti maluwa enieni mwalipira zingati, ndipo ndalama zikachepa amayamba kuchotsedwa ndi maluwawo popanda wokufunsani.

Werengerani ndalama zimene zili m'manja. Malonjezo a abale si ndalama, ndipo za perekaniperekani zimabwera maluwa atagulidwa kale. Wogulitsa ku Lilongwe sapereka marozi pa ngongole yodikira Loweruka madzulo.

Komiti isankhenso munthu mmodzi woyankhula ndi katswiri wa maluwa. Azakhali akaimba kunena zofiira, mkwatibwi akatumiza chithunzi cha zoyera, wapampando akauza katswiriyo kuti achepetse, wolakwa adzasowa.

2. Yang'anani tsiku, nyengo ndi malo

Mwezi wa ukwati umasintha mtengo komanso mtundu wa maluwa oyenera. Masiku oyandikira 14 Febuluwale marozi ofiira amakwera mtengo ndiponso amasowa. Chimodzimodzi pakati pa Okutobala, poti 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, ndipo nthawi yomweyo ndi imene kuno kumatentha koposa. Ukwati wa sabata imeneyo umafuna kuti maluwa muwaitanitse msanga, ndipo musadalire mtundu umodzi wokha.

Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumazizirirako, maluwa amapirira, koma kunyanja kumaomba mwera. Ngati phwando lili pamchenga ku Senga Bay, iwalani mavazi aataliatali owonda m'munsi, chifukwa adzagwa. Sankhani zoikamo maluwa zazifupi, zolemera, ndipo miyendo ya chipata cha maluwa ikwiriridwe kapena itsindiridwe ndi matumba a mchenga obisidwa ndi nsalu. M'nyengo ya mvula vuto limakhala msewu. Amene ukwati wawo uli ku Nkhotakota, mtunda wa makilomita oposa 100 kupitirira Salima pa msewu wa M5, awerengere tsiku lathunthu la ulendo ndipo asayembekezere kuti maluwa anyamuke ku Lilongwe m'mawa wa ukwati.

Pitaninso kwa akuluakulu a mpingo kapena a mzikiti mukafunse zololedwa. Mu mpingo wa Katolika guwa silikongoletsedwa ndi maluwa m'nyengo ya Lenti, kupatula masiku ochepa. Mipingo ina simalola misomali kapena selotepi pa mabenchi, ina imakana kumwaza maluwa pansi. Funsaninso ngati pali ukwati wina tsiku lomwelo. Mabanja awiri akagwirizana mtundu, angathe kugawana mtengo wa maluwa a m'tchalitchi.

3. Lembani malo onse ofuna maluwa, kenako muwagawe

Gulu loyamba ndi la maluwa amene anthu adzawaone pafupi ndi amene adzakhale pa chithunzi chilichonse: bouquet (mtolo wa maluwa wonyamula m'manja) ya mkwatibwi, maluwa a atsikana operekeza, a pachifuwa cha mkwati ndi anyamata ake, a makolo ndi ankhoswe, ndi a patebulo la akwati. Amenewa akhale enieni ngati ndalama zilola. Gulu lachiwiri ndi la pachipata cholowera, kumbuyo kwa akwati, m'mbali mwa njira yodutsa akwati ndi pagalimoto. Amenewa amaonedwa patali, amakhala padzuwa kapena pamphepo, ndipo maluwa opanga, a nsalu, osakaniza ndi masamba enieni amagwira ntchito bwino kuposa marozi. Rozi weniweni womangidwa pa boneti yotentha safika kutchalitchi ali bwino. Gulu lachitatu ndi matebulo a alendo, ndipo mudzaona m'munsimu chifukwa chake tawaika paokha.

4. Werengani maluwa limodzilimodzi

Katswiri wabwino amawerengera mtengo kuchokera pa chiwerengero cha mapesi a maluwa, ndipo inunso phunzirani kuwerenga motero. Chithunzi cha pa Pinterest kapena Facebook sichinena kuti mulowa maluwa angati, koma katswiri akachiona amadziwa, ndipo mumufunse anene.

Tiyerekeze ukwati wa atsikana operekeza 6 ndi anyamata 6, wogwiritsa ntchito marozi. Bouquet yapakatikati ya mkwatibwi imafuna marozi 24. Mtsikana aliyense akanyamula 7, onse pamodzi ndi 42. Mkwati, besitimani ndi anyamata 6 atenga limodzi aliyense, ndiwo 8. Makolo 4 ndi ankhoswe 2 atenga 6. Tebulo la akwati lifuna 40 kuti lisaoneke lopanda kanthu, ndipo pa keke pakwana 6. Zonse pamodzi ndi 126.

Musagule 126. Ena amafika atathyoka khosi, ena atatunduzika m'bokosi, ndipo kuno ena amatseguka kwambiri usiku umodzi. Onjezani 15 pa 100 alionse, zomwe zikupereka 145. Marozi amagulitsidwa m'mitolo, kawirikawiri ya 10 kapena 20, ndiye ngati ndi ya 20 mugula mitolo 8, marozi 160. Pamwamba pake pabwera timaluwa toyera todzazira mipata, timene amatitcha gypsophila, ndi masamba obiriwira.

Tsopano onjezani matebulo a alendo 25, lililonse marozi 5 okha. Amenewo ndi marozi ena 125, pafupifupi kuwirikiza kawiri chiwerengero chonse, kuphatikizapo mavazi 25 obwereka ndi manja owonjezera okonza. Komabe marozi 5 patebulo la anthu 10, lodzaza mbale ndi mabotolo a zakumwa, saoneka n'komwe. Ngati ndalama ndi zochepa, dulani pamenepa. Musachepetse bouquet ya mkwatibwi pofuna kuti tebulo lililonse likhale ndi kaduwa. Pa maukwati amene alendo amakhala m'mizere ya mipando popanda matebulo, nkhani imeneyi palibe, ndipo ndalamazo zipite kutsogolo kumene maso onse amayang'ana nthawi ya perekaniperekani.

Za mitundu ya maluwa, kutentha kwa kuno kumasankha kokha. Ma carnation, ma chrysanthemum, alstroemeria ndi statice amapirira tsiku lonse, ndipo kawirikawiri ndi otsika mtengo kuposa marozi. Hydrangea ndi wokongola pa chithunzi koma amamwa madzi kwambiri, akakhala kunja kwa madzi amagwa nkhope msanga, choncho asalowe mu bouquet ya ku Salima. Ma lily amafuna masiku angapo kuti atseguke, ndiye agulidwe msanga ndi kusungidwa kozizira, komanso timitu ta ufa wachikasu ta pakati pake tichotsedwe duwa likangotseguka. Ufa umenewo ukagwera pa diresi yoyera musaupukute ndi madzi kapena dzanja, unyamuleni ndi selotepi.

Zakuno nazo zili ndi malo ake. Masamba a kanjedza ndi a bulugama amadzaza chipata ndi kumbuyo kwa akwati pa mtengo wochepa. Bougainvillea wodulidwa amafota msanga, koma tizidutswa take timakhala bwino m'kadengu ka ana omwaza maluwa. Frangipani amachita mawanga akagwiridwagwiridwa ndipo utomoni wake umayabwa, koma akayandama m'mbale ya madzi patebulo amakhala bwino mpaka madzulo. Oleander, amene amapezeka m'mipanda yambiri, ndi wapoizoni ndipo asayandikire keke kapena chakudya. Ngakhale marozi oika pa keke akulungidwe mapesi, chifukwa amapoperedwa mankhwala kumunda.

5. Kusankha katswiri

Yambani kufufuza kutatsala miyezi 4 mpaka 6, makamaka ngati ukwati uli pakati pa Ogasiti ndi Disembala pamene Loweruka lililonse kumakhala maukwati. Yankhulani ndi anthu atatu, ndipo onse muwapatse mndandanda umodzimodzi kuti mitengo yawo ifanizike.

Dziwani kaye ngati mukuyankhula ndi wokonza maluwa enieni kapena wokongoletsa holo amene amakagula maluwa kwa wina. Onse awiri angagwire ntchito yabwino, koma wachiwiriyu amaikapo phindu lake pamwamba, ndipo mwina sadziwa kusamala duwa lodulidwa. Pemphani zithunzi za ntchito yake yeniyeni, makamaka zojambulidwa madzulo a phwando, ndi nambala ya banja limodzi limene analigwirira ntchito kunyanja. Mafunso ofunika ndi awa: maluwa mumagula kuti ndipo amafika liti? Mudzawanyamula pa galimoto yotani? Mudzagona kuno Lachisanu kapena mudzabwera m'mawa? Tsiku limenelo muli ndi ukwati winanso? Mudzabwera nokha kapena mudzatuma ana a ntchito? Amene sakufunsani za nthawi ya tchalitchi, za mthunzi ndi za madzi pamalopo sanaganizire za kutentha kwa Salima.

Musabise bajeti poganiza kuti mukaitchula adzaidya yonse. Nenani mosapita m'mbali: "Mayi, ndalama za maluwa tili nazo ndi izi. Zofunika kwambiri ndi bouquet ndi tebulo la akwati. Tiuzeni zimene zingatheke." Katswiri wodziwa ntchito adzakuuzani pamene mungaike carnation m'malo mwa rozi osaononga maonekedwe. Pitani ndi kachidutswa ka nsalu ya atsikana operekeza kapena chitenje cha ukwati, chifukwa mtundu wa pa foni umanama.

6. Pepala la mitengo ndi mgwirizano

Musavomere mtengo umodzi wongoti "maluwa onse". Pepala lionetse chinthu chilichonse pachokha: mtundu wa duwa, chiwerengero, enieni kapena opanga, zobwereka, ntchito ya manja, mayendedwe, malo ogona ndi chakudya cha antchito, ndi kudzachotsa zinthu phwando likatha.

Pofuna kuona kagawidwe, tiyerekeze kuti komiti yapatula K1,000,000. Chiwerengerochi ndi chitsanzo chabe, mitengo yeniyeni mukaimva kwa ogulitsa. Maluwa ndi masamba atenge K550,000, ntchito ya manja K150,000, zobwereka monga mavazi ndi chipata K100,000, mayendedwe ndi kusunga K100,000, ndipo K100,000 ikhale kwa msungichuma, osaitchula kwa wina aliyense mpaka sabata yomaliza. Ukwati wa ku Nkhotakota ukweze gawo la mayendedwe. Ndalama yapaderayo ndi yofunika chifukwa maluwa obwera kunja amatsatira dola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja inasintha anthu atapangana kale. Choncho funsani kuti mtengo mwapatsidwawo ukhala masiku angati, ndipo mulembe chimene chidzachitike ukakwera: mudzawonjezera ndalama, kapena mudzachepetsa maluwa, ndipo adzayambira kuchepetsa pati.

Mgwirizano ukhale wolemba, ngakhale pa tsamba limodzi, wosainidwa ndi mbali zonse. Mulembemo tsiku, malo, ola lofika ndi ola lomaliza kukongoletsa. Mulembemo duwa lolowa m'malo ngati lomwe mwasankha lasowa, mwachitsanzo "marozi oyera akasowa, ma carnation oyera, osati mtundu wina". Mulembemo za dipoziti, ngati imabwezedwa ukwati ukasunthidwa chifukwa cha maliro kapena matenda, ndiponso mtengo wa vazi imodzi ikasweka kapena kusowa.

Kalipiridwe kabwino ndi ka magawo atatu: dipoziti yosungitsa tsiku, gawo lalikulu kutatsala masabata awiri kuti akaitanitse maluwa, ndi kotsala kochepa ntchito ikaoneka. Mukalipira pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki, sungani uthenga wake ndipo pemphani lisiti. Kutatsala masabata atatu tsekani zosintha. Mtsikana woperekeza wowonjezeredwa Lachinayi amatanthauza kubudula maluwa m'mabouquet a anzake.

7. Ulendo ndi usiku wa Lachisanu

Pano ndi pamene maluwa ambiri amaonongekera, ndiye mvetsetsani ngakhale ntchitoyo ili m'manja mwa katswiri. Walira mvula walira matope: mwafuna maluwa enieni, konzekerani kuwasamala.

Maluwa anyamuke ku Lilongwe m'mamawa kwambiri kapena dzuwa litapepa, m'kati mwa galimoto yokhala ndi AC (makina oziziritsa mpweya), ataimikidwa m'ndowa zokhala ndi madzi pang'ono kapena atagonekedwa m'makatoni awo. Asakwere kumbuyo kwa pikapu, m'buti kapena pa minibasi yoima paliponse. Mafuta a galimotoyo apezeke Lachitatu, chifukwa maluwa sangadikire pa mzere wa mafuta.

Akafika, ntchito iyambe nthawi yomweyo. Ndowa zitsukidwe ndi Jik, chifukwa tizilombo ta m'madzi akuda timatseka timitsempha ta phesi ndipo duwa limafa ndi ludzu lili m'madzi. Chotsani masamba onse amene angamire. Dulani masentimita 2 kapena 3 kumunsi kwa phesi, mopendeketsa, ndi mpeni wakuthwa. Sizasi yobuntha imatswanya phesi. Ikani m'madzi msangamsanga phesi lisanakoke mpweya. Ngati palibe mankhwala a m'timapaketi osungira maluwa, pa lita imodzi ya madzi thirani masupuni aakulu 2 a madzi a mandimu, supuni yaikulu imodzi ya shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya Jik. Musathire shuga yekha, amangodyetsa tizilombo. Madzi a pa mjigo ngati amamveka mchere musawagwiritse ntchito. Maluwa amwe kwa maola osachepera 4 asanayambe kumangidwa.

Chipinda chosungira chikhale chozizira koposa zonse pamalopo, chamdima, chotseka. Ngati phwando lili pa loji, pemphani chipinda cha AC ndipo mtengo wake ulowe mu bajeti. Funsani ngati pali jenereta magetsi akathima. Popanda AC, ikani ndowa pansi pa simenti, nyowetsani pansipo, ndipo fani isaombe maluwa mwachindunji chifukwa imawaumitsa. Nthochi, mango ndi tomato zakupsa zisakhale m'chipinda chimenecho. Zimatulutsa mpweya umene umakalambitsa maluwa, ndipo ma carnation ndiwo amayamba kufota. Apa pamafunika kulimba mtima, chifukwa chipinda chozizira ndi chomwenso amayi ophika amachifuna.

Furiji ya m'nyumba ingasunge timaluwa ta pachifuwa tili m'kontena yotseka yokhala ndi kapepala konyowa, kutali ndi zipatso ndi khoma lakumbuyo. Mufiriza musaikemo duwa lililonse, limada likasungunuka.

Siponji yobiriwira yobayamo maluwa, ya Oasis, iikidwe pamwamba pa madzi ndi kusiyidwa kuti imire yokha. Mukaikankha ndi dzanja imanyowa kunja, m'kati n'kukhala mouma, ndipo maluwa obayidwa pamenepo amafota ena onse ali bwino. Rozi akaweramitsa mutu, mudulenso phesi, mukulunge mutuwo molimba ndi nyuzipepala kuti uwongoke, ndi kumuimika m'madzi ofunda pang'ono kwa ola limodzi kapena awiri. Timasamba takunja tiwiri kapena titatu ta rozi, tooneka tothimbirira, ndi toteteza chabe, timachotsedwa pomaliza.

8. Tsiku la ukwati

Konzani ndondomeko mobwerera m'mbuyo kuchokera pa ola la tchalitchi. Nsalu, zitsulo ndi maluwa opanga zimangidwe Lachisanu. Maluwa enieni a kuphwando atuluke m'chipinda komaliza, kutatsala ola limodzi kapena awiri kuti alendo alowe. Kuwaika patebulo 7 koloko m'mawa pamene phwando liyamba 2 koloko masana ndi kuwapha, makamaka mu tenti, mmene mumatentha kuposa panja. Ngati katswiri akufuna kumaliza m'mawa kuti abwerere ku Lilongwe, nkhaniyi ikambidwe pa mgwirizano, osati tsiku lomwelo.

Bouquet ikhale m'madzi mpaka mkwatibwi atavala, kenako mapesi apukutidwe ndi thaulo kuti asadonthezere diresi. Pakati pa tchalitchi, kojambulitsa ndi kuphwando, mtsikana mmodzi akhale ndi botolo la madzi m'galimoto loikamo bouquet, ndipo isasiyidwe pa dashibodi. Timaluwa ta pachifuwa timangidwe pomaliza, ndi mapini awiri, kumanzere, ndipo pakhale tiwiri tapadera chifukwa kukumbatirana kumatithyola. Maluwa a kuguwa, ngati mpingo ulola kuwachotsa, angathe kukakhala kutsogolo kwa tebulo la akwati, koma patchulidwe munthu ndi galimoto yowanyamula, apo ayi adzatsala m'tchalitchi.

Pamalo apanja pakhale mnyamata wolondera kuyambira pamene zokongoletsa zaikidwa, chifukwa mbuzi sizisiya masamba, ndipo kumalo ena kunyanja kuli anyani. Kukabwera nkhungu za m'nyanja, tizilombo touluka tija, zimitsani magetsi oyandikira maluwa oyera ndi keke, ndipo muphimbe ndi nsalu yopyapyala mpaka alendo atayandikira.

MC alengeze phwando lisanathe kuti maluwa alendo angatenge koma mavazi, zitsulo ndi maluwa opanga ndi zobwereka. Munthu wa komiti amene anawerenga zinthuzo pofika, pamodzi ndi katswiri, awerengenso usiku womwewo asanabalalike, asainirane, ndipo ndalama yotsala ija iperekedwe atawonjezerapo mtengo wa zobwereka zimene zasowa ndi kuchotsera zimene sizinabwere.